Mfuti za pa TV kapena magemu a m'manja? Kusankha makina a magemu kuno ku Mulanje ndi Thyolo

Wachinyamata wa pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe akasonkhanitsa kandalama kake, kaya ka ganyu, kaya kotumiziridwa ndi achimwene a ku Joni, funso limakhala lomwelomwelo: ndigule makina olumikiza ku TV kuti ndizisewera magemu owomberana, kapena ndigule kam'manja kokhala ndi magemu akale amene anawakonzanso? Ambiri amagamula nkhaniyi atangoonera mavidiyo pa YouTube, pomwe chilichonse chimaoneka chowala. Koma amene amajambula mavidiyowo amakhala kumene magetsi sazimazima, ndipo sawerengera bandulo akamadawuniloda. Kuno kwathu gemu yabwino ndi imene ikuyaka pa nthawi imene iwe wapeza mpata woisewera.

Nkhani ya magetsi siyofunika kuitalikitsa, tonse tikuidziwa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaphwasula damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 Freddy anadzagwetsa mapolo ndi milatho m'maboma athu omwe ano. Ngakhale nyengo ili bwino, palibe amene angalumbire kuti madzulo ano magetsi akhalapo. Tsono PlayStation 4 (PS4), makina olumikiza ku TV, yoyamba ija ya 2013 imadya mawati oposa 100 ikamayendetsa gemu yolemera, kuphatikizapo TV payokha. Sola ya kunyumba yoyatsira mababu ndi kutchajira mafoni singakwanitse zimenezo kwa nthawi yaitali. Nintendo Switch, kam'manja kaja, sifika n'komwe pa mawati 20, ili ndi batire lakelake, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha USB-C, moti pawabanki yamphamvu imaithandiza. Switch yoyamba ya 2017 imakhala maola 2.5 mpaka 6.5, yokonzedwanso ya 2019 maola 4.5 mpaka 9, ndipo Switch Lite maola 3 mpaka 7, malinga ndi kulemera kwa gemu. Kusiyana kumeneku kukhale m'mutu pomwe tikuona zinazi.

PS4 yogwiritsidwapo kale ntchito ndi madisiki ake

Kwa munthu amene mtima wake uli pa mfuti, PS4 ndi imene ndimaiika patsogolo, osati chifukwa ndi yamphamvu kuposa onse, ayi, PS5 inaiposa kalekale mu 2020. Chifukwa chake n'chakuti ndi yopezeka. Madisiki ake amayenda m'manja mwa anthu ku Limbe ndi ku Blantyre, mapadi ake amapezeka, ndipo amisiri okonza mafoni ambiri anaitsegulapo kale. Malo osewerera magemu m'matauni athu ang'onoang'ono anadzaza ndi PS4 chifukwa cha mpira wa FIFA, ndiye wosinthana naye disiki sasowa.

Pa magemu owomberana amene ndasewerapo pa makina amenewa, Titanfall 2 ya 2016 ndi imene ndimauza aliyense kuti ayambe nayo. Umakhala msilikali dzina lake Jack Cooper, wothamanga m'makoma ndi kudumpha kawiri m'malere, kenako umalowa m'chiloboti chachikulu chotchedwa BT n'kumamenya nkhondo uli m'kati mwake. Pali gawo lina pomwe umadina batani limodzi n'kusintha nthawi: nyumba imodzi yomweyo, kamphindi aka ndi bwinja loyaka moto, kamphindi kena ndi yatsopano yodzaza ndi alonda. Umathawa chipolopolo cha nthawi ina polowa m'nthawi inzake. Nkhani yake ndi yaifupi, munthu wakhama amaimaliza Loweruka ndi Lamlungu, koma palibe gawo lotopetsa, ndipo intaneti sifunika ngakhale pang'ono.

Doom ya 2016 ndi ya mtundu wina. Ilibe zobisala kuseri kwa khoma kudikira kuti magazi abwerere. Ukafooka, mankhwala ake ndi kuthamangira chiwanda n'kuchimaliza ndi manja, pamenepo ndi pomwe chimagwetsa zokupatsa moyo. Ukaima malo amodzi wafa. Pa PS4 imathamanga zithunzi 60 pa sekondi, ndipo dzanja limamva kufewa kwake. Koma ndinene poyera kuti ndi yamagazi kwambiri, si yoyatsa pabalaza ana a sukulu ya pulayimale ali pomwepo.

Komabe chokoma chenicheni cha mfuti za pa TV kuno kwathu si kusewera wekha. Lowani m'kachipinda ka magemu tsiku la msika: anyamata anayi pa benchi imodzi, TV yagawidwa panayi, aliyense kakona kake. Wina wabisala pamwamba pa nyumba ndi mfuti yoonera patali, mnzake akumupeza mosavuta, ndiye phokoso limabuka. "Aise, ukuyang'ana mbali yanga iwe!" Winayo akukana kwamtuwagalu, maso ali pa kona ya mnzake yomweyo. Kumbuyo kwaima ena asanu akudikira kuti woluza apereke padi. Chisangalalo chimenechi sichifuna data ngakhale ya kobiri limodzi. Call of Duty: Black Ops III ya 2015 imalola zimenezi pa PS4, ndipo mukhoza kuwonjezera adani oyendetsedwa ndi kompyuta kuti bwalo lidzaze, kapena kugwirizana nonse kulimbana ndi mazombi. Pogula disiki ya gemu yowomberana, tembenuzani kabokosi muone chiwerengero cha osewera pa makina amodzi. Opanga magemu ambiri anasiya kuika zogawa sikirini. Ngakhale Halo, imene inatchuka ndi zimenezi, inazichotsa mu Halo 5 ya 2015.

Apa ndi pomwe pali msampha waukulu. Dzina la Call of Duty limakoka, ndiye munthu amaganiza kuti yatsopano ndiyo yabwino. Disiki ya Modern Warfare II ya 2022 inadziwika kuti munali zinthu zosakwana 100 MB, gemu yeniyeniyo, ya ma GB ochuluka zedi, umayenera kuidawuniloda. Black Ops 6 ya 2024 imafuna intaneti nthawi zonse, ngakhale ukusewera gawo la nkhani wekhawekha. Warzone, Call of Duty yosewera pa intaneti imene inatuluka mu Malichi 2020, amati ndi yaulere, koma kukula kwake ndi maapudeti ake osatha zimadya mabandulo mwezi ndi mwezi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Gemu imene ili yathunthu pa disiki ndi yanu. Imene ikudikira seva ya kutsidya kwa nyanja kuti ikuloleni kulowa si yanu, ngakhale munalipira.

Ndipo ngakhale mutadawuniloda, kuwomberana ndi anthu pa intaneti kumafuna netiweki yosagwedezeka. Maseva ali kutali, ndiye uthenga wa chipolopolo chako umatenga nthawi kupita ndi kubwera. Umamuona mdani, umawombera, koma kwa iye unali utafa kale. Pa netiweki ya foni, nthawi ya madzulo pomwe aliyense ali pa WhatsApp, zimafika poipa. Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti, inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023 ndipo kwa amene ali nayo zinthu zinasintha, koma ndi angati a ife? Onjezani kuti magemu ogula amafuna umembala wa PlayStation Plus kuti usewere pa intaneti, wolipira ndi ndalama zakunja kudzera pa akaunti ya dziko lina, kawirikawiri South Africa, pomwe ndalama zakunjazo zikusowa m'dziko muno.

Pa chifukwa chomwechi Xbox Series S sindiilimbikitsa kwa munthu wa kuno. Ndi kamakina kokongola, kotsika mtengo pa makina a m'badwo wake, kanatuluka pa madola 299 mu 2020. Koma kalibe polowetsa disiki. Chilichonse ndi kudawuniloda.

Kusamala PS4 nakonso ndi ntchito. Magetsi akazima mwadzidzidzi ili m'kati mosunga gemu, hadi disiki imatha kusokonezeka, pomwe munafika n'kutayika. Akabwera ndi mphamvu amatha kuotcha, choncho kachipangizo koteteza ku magetsi obwera mwamphamvu n'kofunika kugulira limodzi. Fumbi la mu Okutobala likadzaza m'kati, fani imalira mpaka kuphimba mawu a TV. Mphemvu nazo zimakonda kufunda kwa m'kati mwake ndipo zimatha kuwononga mbali ya magetsi. Ikani pamalo okwera, popita mphepo, osati pansi pafupi ndi khoma. Nyengo ya chiperoni, pomwe chinyezi chimalowa mpaka m'zovala za m'sutikesi, musaisiye pafupi ndi zenera.

PS3 ndi Xbox 360, kwa wa thumba lopepuka

Makina awa ndi okalamba, Xbox 360 ndi ya 2005, PS3 ya 2006, koma m'nthawi yawo gemu inkabwera yathunthu pa disiki. Black Ops II ya 2012 ndi Halo 3 ya 2007 zimasewereka anthu anayi pa TV imodzi mpaka lero. Palinso Far Cry 2 ya 2008, imene nkhani yake imachitikira m'dziko longopeka la mu Africa. Munthu amene ukumuyendetsa amadwala malungo. Uli pakati pa nkhondo, maso amachita chidima, sikirini imasanduka yachikasu, ndipo umayenera kumeza mapiritsi, akatha n'kukasaka ena. Mfuti zakale zimakanirira, moto ukayatsa pa udzu wouma umathamanga ndi mphepo n'kukutembenukira wekha. Ena kunja ankadandaula kuti malungowo amasokoneza masewera. Kwa ife amene tinagonapo ndi kuzizidwa kumeneko, gawo limenelo limamveka mosiyana, ngakhale ndimadandaula kuti Africa ya m'gemuyi ndi ya nkhondo ndi diamondi basi.

Vuto ndi ukalamba womwewo. Ma Xbox 360 oyambirira ankafa ndi kutentha, n'kuonetsa magetsi ofiira kuzungulira batani loyatsira. Chenjeraninso ndi chibokosi chake cha magetsi: chochokera ku America chinapangidwira mavoti 110, pomwe kuno ndi 230. Mukangolumikiza chapsa.

Switch ndi magemu akale ovala zatsopano

Tsopano mbali inayo, imene anyamata ambiri amaipeputsa kuti ndi ya ana. Ine ndimaikonda, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Magemu amene anayambira pa timakina takale ta m'manja monga Game Boy, DS kapena PSP anapangidwira munthu wa paulendo, amene akhoza kusokonezedwa nthawi ina iliyonse. Zigawo zake ndi zazifupi, cholinga chake chimaoneka msanga. Akawakonzanso pa Switch, khalidwe limenelo limatsala. Mu minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Muloza, poima pa Thyolo boma kudikira kuti idzaze, umatulutsa kamakinako m'chikwama, umamaliza kachigawo kamodzi, kondakitala akamenya chitseko umadina batani n'kukagoneka. Pofika pa Luchenza umakadzutsa, uli pomwe unasiyira. PS4 singakupatse zimenezo.

Chitsanzo chabwino koposa ndi The Legend of Zelda: Link's Awakening. Inatuluka pa Game Boy mu 1993, yopanda mitundu, ndipo inakonzedwanso pa Switch mu Seputembala 2019. Link, mnyamata amene umamuyendetsa, amapulumuka ngozi ya panyanja n'kudzuka pa chilumba cha Koholint, ndipo kuti achokepo ayenera kusonkhanitsa zoimbira zisanu ndi zitatu zodzutsira cholengedwa chogona m'dzira pamwamba pa phiri. Mapu a chilumbacho sanawasinthe, koma anachotsa chimene chinkatopetsa. Game Boy inali ndi mabatani awiri okha ogwiritsira zida, ndiye unkangokhalira kuimitsa gemu kuti usinthe lupanga ndi chishango, chishango ndi nthenga yodumphira. Pa Switch lupanga ndi chishango zili ndi mabatani akeake. Maonekedwe ake ali ngati zidole zopakidwa polishi, mitengo yonyezimira, udzu wogwedezeka. Nthawi zina imatsalira pang'ono ukamachoka dera lina kulowa lina, koma sizisokoneza. Kukonzanso gemu kwabwino n'kumeneku: kusunga mtima wake, kuchotsa minga. Mapeto ake sindinena, koma amakhudza mtima kuposa nkhani zambiri za magemu a nkhondo.

Pokémon yakhala ikukonzedwanso kambirimbiri, ndipo si zonse zofanana. HeartGold ndi SoulSilver za pa DS, zimene zinatuluka ku Japan mu 2009 potengera Gold ndi Silver za 1999, ambiri amaziyesa zopambana: madera awiri, Johto ndi Kanto, mabaji 16, ndipo kanyama kako kamayenda pambuyo pako. Koma makhadi ake enieni ndi osowa ndi odula, ndipo achinyengo ndi ochuluka. Brilliant Diamond ndi Shining Pearl za pa Switch za 2021 zinandikhumudwitsa. Anangotsatira zakale za 2006 mzere ndi mzere, osatengako zambiri zabwino zimene Pokémon Platinum, yotuluka pambuyo pa zakalezo, inawonjezera, ndipo makhadi oyambirira ankafuna apudeti kuti zinthu zina, monga nyimbo zomalizidwa ndi kanema woyambira, zilowe. Ngakhale ku Switch, msampha wa data ulipo.

Imene ndikufuna anthu a kuno aidziwe ndi Advance Wars 1+2: Re-Boot Camp. Ndi magemu awiri a pa Game Boy Advance, a 2001 ndi 2003, amene anawaphatikiza. Inayenera kutuluka mu 2022 koma Nintendo anaiimitsa chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, n'kudzaitulutsa mu Epulo 2023. Ndi ya nkhondo, koma yosinthana: iwe umasuntha asilikali, akasinja ndi ndege zako, ukamaliza mnzako amasuntha zake. Amene amakhala pa bawo pansi pa mtengo wa mango aimva msanga, chifukwa kupambana kwake ndi kuwerengera zimene mnzako achite iwe ukatha kusuntha. Anthu mpaka anayi akhoza kusewera pa makina amodzi, kumangopatsirana. Magetsi atazima, pa khonde, zimatheka bwinobwino.

Crisis Core: Final Fantasy VII Reunion ya Disembala 2022 ndi ya amene anakulira pa PSP ndipo amakumbukira Zack, mwininkhani wake. Anakonza maonekedwe ndi kamenyedwe, nkhani ndi yomweyo ya 2007. Ilinso pa PS4, ndiye siikukakamizani kusankha mbali.

Chinthu chimodzi chimene ambiri satchula: magemu amenewa amafuna kuwerenga Chingerezi. Mu Zelda, ukapanda kumva zimene kadzidzi wokulondolera m'gemumo wanena, uzungulira chilumba chonse osadziwa kolowera. Kwa mwana wa Fomu 1 kapena 2 zimenezi ndi phindu, amaphunzira mawu chifukwa akuwafuna. Kwa amene amangofuna kugwira padi n'kuyamba kuwombera, zimamutopetsa.

Nanga wofuna mfuti pa Switch? Zilipo, koma tisanamizane. Doom yomwe ija inabwera pa Switch mu 2017, ndipo n'zodabwitsa kuti inakwanamo, koma imathamanga zithunzi 30 pa sekondi ndipo imaoneka yachimbuuzi. Tindodo ta Switch, toyendetsera ndi kulozera ndi chala, ndi tating'ono, kulozera mdani wa patali kumavuta, ngakhale anawonjezera zolozera popendeketsa makina. Yabwino kwambiri ndi Metroid Prime Remastered ya Febuluwale 2023, yochokera pa GameCube ya 2002. Umaona ndi maso a Samus, amene umamuyendetsa, mfuti ili kudzanja, ndipo imathamanga zithunzi 60 pa sekondi mosatsalira. Koma mtima wake ndi kufufuza mapanga ndi kubwerera kumene unadutsa utapeza chida chatsopano, osati kuwomberana ndi anzako. Amene akufuna phokoso la pa benchi lija sadzalipeza pamenepa.

Zoipa za Switch ndi ziwiri zazikulu. Choyamba ndi mtengo wa magemu. Disiki ya PS4 ya zaka zapitazo imatsika mtengo kwambiri, koma makhadi a Nintendo satsika msanga, ndipo kuno ndi osowa, nthawi zambiri mpaka kuitanitsa kwa wachibale wa ku South Africa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera. Ubwino wake ndi woti Switch sisankha dera, khadi la ku Dubai, ku Joni kapena ku London limagwira ntchito. 3DS, kam'manja kakale ka Nintendo, si choncho, imakana makhadi a dera lina, ndipo sitolo yake ya pa intaneti inatsekedwa mu Malichi 2023. Chachiwiri ndi tindodo timene timayamba kuyenda tokha, munthu wa m'gemu akumapita kumanzere iwe usanakhudze. Pa Switch yaikulu umachotsa kapadiko n'kuika kena. Pa Switch Lite, imene inatuluka pa madola 199, tindodoto ndi tomangirira ku makina, mpaka mmisiri atsegule. Lite siilumikizikanso ku TV. Switch 2 inatuluka mu Juni 2025 pa madola pafupifupi 450, ndipo kwa ambiri a ife phindu lake ndi loti eni ma Switch akale ayamba kugulitsa awo.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mumakhala pa boma kapena m'nyumba za pa esiteti ya tiyi pomwe magetsi amakhalitsa, muli ndi TV, ndipo pakhomo pamabwera anzanu, gulani PS4 Slim, mapadi awiri kapena kuposa, ndi madisiki a pakati pa 2015 ndi 2017. Ngati mumakhala kumudzi kodalira sola, kapena moyo wanu ndi wa m'minibasi ndi ku hositelo, Switch idzakupatsani maola ambiri osewera pa ndalama yomweyo, ngakhale mutakhala ndi makhadi awiri okha. Ine pandekha, atandiuza kuti ndisunge chimodzi, ndingasunge Switch, chifukwa ndi imene imayaka masiku onse. Ndipo amene akungofuna kuwomberana ndi anthu pa intaneti asavutike ndi makina: Call of Duty: Mobile, PUBG Mobile ndi Free Fire zinapangidwira foni ndi netiweki ya foni, ndipo anzanu ambiri ali kale kumeneko.

Chilichonse chimene mwasankha, musapereke ndalama musanayese. PS4 muyatse pamaso pa wogulitsa, mulowetse disiki yanu, musewere mpaka itenthe, mumve kulira kwa fani, muone ngati ikutulutsa disiki bwinobwino. Magemu odawuniloda amene wogulitsa akukuonetsani kuti "alimo kale" ali pa akaunti yake, ndipo tsiku lina akhoza kukhomedwa ndi kaloko, ndiye musawawerengere pa mtengo. Pa Switch lowani m'masetingi, pamalo oyesera tindodo, muchotse chala muone ngati kadontho kakhazikika pakati. Lowetsani khadi, yesani kutchaja, ndipo ngati pali netiweki, onani kuti ikutha kulowa m'sitolo ya Nintendo, chifukwa makina amene anawasokoneza kuti aziyendetsa magemu okuba amatsekedwa osatsegulidwanso.